Musanazule Power Supply Yachiwiri, Yambani Mwawerenga Mawati

 

Nkhani yanga lero ndi ya swichi ya netiweki, bokosi lachitsulo lija lokhala ndi mapoti 24 kapena 48, limene limakhala m'kabati kuseri kwa chitseko, nthambo zonse za m'nyumba n'kumakakumana pamenepo. Swichi ya masiku ano ili ndi ntchito ziwiri. Imadutsitsa uthenga pakati pa makompyuta, ndipo imadyetsanso magetsi zida zina kudzera m'nthambo yomweyo ya uthenga. Kamera ya pageti, foni ya patebulo la anesi, access point youlutsa Wi-Fi imene ili kudenga, zonsezi zilibe pulagi yakeyake. Moyo wake umachokera ku swichi. Njira imeneyi ndiyo imatchedwa PoE. Tsono magetsi amene swichi imagawawo amachokera ku power supply, kabokosi kamene kamalowetsedwa kumbuyo kwake, ndipo maswichi akuluakulu amakhala ndi malo a ma power supply awiri.

Funso lake ndi ili: kodi tikazula imodzi mwa awiriwo, chimachitika n'chiyani?

Kuno ku Malambo funso limeneli si la m'mabuku ayi. Mvula ikayamba mu Novembala, mphezi imawotcha zida. Power supply ya ku ofesi ina ikapsa, yatsopano iyenera kuchokera ku Lusaka kudzera ku Chipata, nthawi zina kuchokera kunja kwa dziko, ndipo ndalama yake imafuna kusainidwa ndi anthu angapo. Munthu wa ntchito amayang'ana swichi ina imene ili ndi awiri n'kunena kuti, "Iyi ili ndi yapadera, tibwerekeko imodzi." Ena amazula chifukwa fani yake yayamba kulira. Enanso amazula poganiza kuti mabatire a sola akhalitsa. Ine sindikuletsa kubwereka. Kumene zinthu zili zosowa, kubwerekana ndiko kumayendetsa ntchito. Chimene ndikupempha n'chakuti musanagwire chogwirira cha power supply imeneyo, mudziwe ngati ili yodikira chabe kapena ngati nayonso yasenza katundu. Poiyang'ana ndi maso simungadziwe, chifukwa zonse ziwiri zimayatsa kagetsi kobiriwira mofanana. Yankho lili m'manambala.

Tiyambe ndi zimene chida chilichonse chimapempha. Bungwe la IEEE linakhazikitsa malamulo a PoE pang'onopang'ono. Lamulo loyamba, 802.3af, linatuluka mu 2003, ndipo limalola poti imodzi kutulutsa mawati 15.4. Mu 2009 kunabwera 802.3at, limene ambiri timalitcha PoE+, lopereka mawati 30. Mu 2018 kunabwera 802.3bt, lofikitsa mawati 60 kapenanso 90 pa poti imodzi. Zida zimaikidwa m'magulu otchedwa makalasi. Chida cha kalasi 1 chimasungiridwa mawati 4, cha kalasi 2 mawati 7, cha kalasi 3 mawati 15.4, cha kalasi 4 mawati 30. Pali kalasi 0, ya chida chimene sichinena kuti chikufuna zochuluka bwanji. Chotere swichi imachisungira mawati 15.4 onse, ngakhale chitakhala kachida kodya mawati 3 okha.

Tsopano tione mbali ya swichi, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Nditenga chitsanzo cha Cisco Catalyst 9300 ya mapoti 48 a PoE+, imene imabwera ndi power supply ya mawati 715. Munthu akawerenga 715 pachikwangwani amaganiza kuti amenewo ndiwo mawati ogawira zida. Sichoncho. Swichi imayamba yadzipatulira gawo lake loyendetsera ubongo wake ndi mafani ake. Malinga ndi zimene opanga analemba, pa mawati 715 amenewo, otsalira zida za PoE ndi 437. Mawati 278 apita kwa mwini nyumba. Mukalowetsa power supply yachiwiri ya 715, mwini nyumba wadya kale, choncho mawati onse 715 amapita ku zida, bajeti n'kufika pa 1,152.

Mwaona pamene pagona nkhani? Munthu woganiza mwachangu amati ma power supply ndi awiri ofanana, ndikachotsa imodzi nditsala ndi theka la 1,152, kumene kuli 576. Koma chotsala chenicheni ndi 437. Sichifika ndi theka lomwe, n'chongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Mawati 139 amene munthuyo akuwawerengera kulibe. Manambala a maswichi a makampani ena ndi osiyana ndi amenewa, ndipo aliyense ayang'ane a swichi yake, koma kachitidwe kake n'kamodzimodzi: gawo la swichi yeniyeniyo silichepa chifukwa choti inu mwachotsa power supply.

Tiyerekeze kuti swichi yotereyi ili pamalo ena ake kuno m'boma lathu. Ikudyetsa ma access point 12 a kalasi 4, amene akusungiridwa mawati 360. Ikudyetsa makamera 10 a kalasi 3, mawati 154. Ikudyetsanso mafoni 14 a kalasi 2, mawati 98. Onse pamodzi ndi 612. Pa bajeti ya 1,152 swichi ikupuma bwino, ndipo woyang'anira akaona amati malo alipo ambiri. Zulani power supply imodzi, bajeti itsike kufika pa 437, mupeza kuti mawati 175 alibe kochokera. Power supply yachiwiri ija, imene aliyense ankaitcha yapadera, inali pa ntchito tsiku lililonse. Ndipo zindikirani kuti pamalo oterewa panalibe chitetezo chokwanira kuyambira kale, ngakhale zonse ziwiri zili m'malo mwake. Ikanapsa imodzi yokha usiku, zotsatira zake zikanakhala zomwezo. Swichi imatetezedwa ndi power supply yachiwiri pokhapokha ngati katundu wake yense angathe kunyamulidwa ndi imodzi.

Nanga swichi imatani mawati akaperewera? Imachita zimene tonse tinaziona mu 2024. Mukukumbukira kuti pa 29 Febuluwale chaka chimenecho a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 patsiku mu Malichi, maolawo n'kumawonjezeka mpaka madera ambiri ankakhala ndi magetsi pafupifupi maola atatu okha patsiku. Magetsi akachepa, wogawa ayenera kusankha woyamba kuzimitsidwa ndi woyenera kusungidwa, kuopa kuti zonse zingagwere pamodzi. Swichi nayo imatero. Siigwa yonse. Imazimitsa mapoti ena kufikira katundu atalingana ndi mphamvu yotsala. Kusiyana kwake n'kwakuti swichi silengeza ndandanda pawailesi, ndipo imamaliza kusankha munthu asanatulutse dzanja kumbuyo kwa kabati.

Posankhapo imayang'ana ulemu umene poti iliyonse inapatsidwa. Maswichi a Cisco monga Catalyst 9300 ali ndi magawo awiri, apamwamba ndi apansi. A Aruba ali ndi atatu. Koma swichi ikamachokera kusitolo, mapoti ake onse amakhala pagawo lapansi, ndipo m'malo ambiri amene ndimafikako palibe amene anasinthapo zimenezi. Mapoti onse akakhala ofanana, maswichi ambiri amayamba kuzimitsa poti ya nambala yaikulu n'kumatsika. Ndiye taganizani mmene timalumikizira nthambo. Zida zoyamba kugulidwa zimatenga poti 1, poti 2, poti 3, motsatana. Chida chimene chabwera posachedwa, chimene mwina chinagulidwa chifukwa chosowa chinali chachikulu, monga foni ya kuchipinda cha amayi oyembekezera kapena kamera ya kumalo osungira mankhwala, chimagwera kumapeto, pa poti 35 kapena 36. Chimenecho ndicho choyamba kuzima, pamene access point ya m'chipinda cha misonkhano, mmene mulibe munthu, ikuyakabe pa poti 2. Swichi siinalakwe. Palibe amene anaiuza kuti chofunika n'chiti.

Kuuza swichi n'kosavuta. Pa Cisco, mumalowa pa poti imene mukufuna n'kulemba power inline port priority high, basi. Chovuta ndicho kugwirizana kuti ndi mapoti ati, ndipo pamenepa ndikufuna anzanga amisiri mundimve bwino. Chigamulo chimenechi si cha mmisiri yekha. Amene akudziwa kuti usiku ndi foni iti imene singazime ndi sisitala woyang'anira wodi. Amene akudziwa kuti pa nthawi ya mayeso ndi chipinda chiti chimene chikufunika intaneti ndi aphunzitsi aakulu. Kumalo ogona alendo a m'mphepete mwa Luangwa, kumene njovu ndi mvuu zimadutsa pakati pa nyumba usiku, amene akudziwa kamera yofunika ndi alonda. Pitani kwa iwo ndi pepala, muwafunse kuti, "Mphamvu ikachepa, tisunge ziti, tisiye ziti?" Adzakuuzani kuti zonse n'zofunika. Musavomere yankho limenelo. Mapoti onse mukawaika pagawo lapamwamba mwabwerera pomwe munayambira, pakuti afanananso. Aonetseni nambala ija ya 437, muwerengere limodzi mpaka ikwane. M'chitsanzo chathu chija, mafoni onse 14 ndi makamera onse 10 ndi mawati 252. Otsala ndi 185, okwanira ma access point 6 mwa 12 aja. Asankhe okha asanu ndi mmodziwo.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale anthu odziwa ntchito. Mukalemba show power inline, swichi imakuonetsani mawati amene yasungira poti iliyonse, ndipo pali malamulo ena oonetsa amene chida chikudyadi pa nthawi imeneyo. Manambala awiriwa amasiyana kwambiri. Access point yosungiridwa mawati 30 mwina ikudya ochepera theka lake masana pamene anthu ali ochepa. Munthu amaphatikiza manambala ang'onoang'onowo n'kunena kuti imodzi ikwanitsa. Koma maswichi ambiri posankha kuzimitsa amawerengera zimene anasungira, osati zimene zikudyedwa. Ndiponso zimene zikudyedwa sizikhazikika. Kamera imene masana ikudya pang'ono, dzuwa likalowa imayatsa timagetsi take toonera mumdima n'kuyamba kudya zambiri. Kamera yozungulira imadya kwambiri pamene ikutembenuka. Access point imadya kwambiri ana a sukulu akalowa onse pamodzi. Muyeso wa 10 koloko m'mawa sungakuuzeni za 7 koloko madzulo. Pochita bajeti, werengerani nambala yaikuluyo.

Njira yabwino yochepetsera zosungidwa ilipo. Swichi ndi chida zimatha kukambirana kudzera mu LLDP, kapena CDP pa zida za Cisco, chida n'kunena mawati enieni amene chingafune pa nthawi yake yodya kwambiri. Access point imene kalasi yake ikuti 30 ikhoza kupempha ocheperapo, otsalawo n'kubwerera m'bajeti. Onani ngati LLDP ndi yoyatsa pa swichi yanu. Chimene sindilimbikitsa ndicho kulemba pamanja nambala yaing'ono pa poti, kuti bajeti ioneke yokwanira. Pamenepo mwanamiza swichi, ndipo tsiku limene zida zonse zidzadye mokwanira pa nthawi imodzi, power supply yotsalayo idzalemedwa kuposa mphamvu yake. Dziwaninso kuti ma access point ambiri akalandira mphamvu yochepa sazima. Amazimitsa wailesi imodzi kapena kuchepetsa mphamvu youlutsira, n'kumaoneka amoyo. Anthu amangodandaula kuti intaneti ikuchedwa, mmisiri n'kumaimbira foni a Airtel, a MTN kapena a Zamtel, kapena kumakwera padenga kukayang'ana mbale ya Starlink, pamene vuto lili m'kabati yake.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonse kwa ife okhala kuno. Kumayiko kumene magetsi sazimazima, power supply imachotsedwa mwa apo ndi apo, munthu atakonzekera. Kuno imachotsedwa ngakhale popanda dzanja la munthu. Amisiri ambiri amalumikiza power supply imodzi ku inveta kapena ku UPS, inayo ku soketi ya ZESCO. Maganizo ake ndi abwino, chifukwa inveta ikafa, swichi imakhalabe ndi pothawira. Koma magetsi akapita, kaya chifukwa cha ndandanda yozimitsa, kaya mtengo wagwera nthambo pakati pa Msoro ndi Mfuwe, power supply ya ku soketi ija yafa. Kwa swichi zimenezi sizisiyana ndi kuizula. Bajeti imatsika kufika pa 437 nthawi yomweyo. Ngati munamvapo anthu akunena kuti malaiti akapita Wi-Fi ya mbali ina ya nyumba imazima pomwe swichi ili pa mabatire, chifukwa chake chikhoza kukhala chimenechi.

Ndipo pali chachiwiri chobisika pomwepo. Ma power supply awiri akamagwira ntchito pamodzi amagawana katundu. Inveta imanyamula pafupifupi theka, soketi theka. Munthu akayang'ana pa inveta masana amaona katundu wochepa, n'kuwonjezerapo printa, kompyuta ina, mwinanso fani. Magetsi akapita, katundu yense wa swichi amasamukira ku inveta kamodzin'kamodzi, ndipo inveta imene inkaoneka yopepukidwa imalira n'kuzima, zonse n'kuzima nayo. Poyesa kukula kwa inveta kapena UPS, iwerengereni katundu yense wa swichi, ngati kuti mnzake uja kulibe. Ena, pothawa zimenezi, amalumikiza ma power supply onse awiri pa ekisitenshoni imodzi. Zikatero mwatetezedwa ku kufa kwa power supply yokha, koma ekisitenshoniyo ikapsa zonse zapita.

Tiwerengeko za mabatire, popeza ambiri amazula power supply n'cholinga chowapulumutsa. Batire ya mavoliti 12 ndi ma amp-hour 200 imasunga ma watt-hour 2,400. Ikakhala ya mtovu, simuyenera kuitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna kuti ikhalitse, choncho ogwiritsa ntchito ndi 1,200. Katundu wa mawati 400 adzaimaliza m'maola atatu, ndipo inveta idzadyapo gawo lake, maolawo n'kuchepera pamenepo. Power supply yachiwiri payokha imadya zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezi, chifukwa swichi imakoka mphamvu molingana ndi katundu amene ali nawo, osati molingana ndi nambala ya pachikwangwani. Ma power supply awiri a 715 satanthauza kuti mabatire akutaya mawati 1,430. Wofuna kupulumutsa mabatire azimitse mapoti osafunika usiku. Maswichi ambiri amalola kuika nthawi yozimitsa ndi kuyatsa poti. Ma access point a m'makalasi akazima kuyambira madzulo mpaka m'mawa, mwapulumutsa mphamvu yochuluka kuposa imene mukanapeza pozula power supply, ndipo chitetezo chanu chikadalipo.

Kutentha kwa chigwa chathu kumalowanso m'masamu amenewa. Mu Okutobala kuno kumapitirira madigiri 40. Catalyst 9300 inapangidwa kuti igwire ntchito mpaka madigiri 45, ndipo amenewo ndi a mpweya wolowa m'swichi, osati a pansi pa mtengo wa msikizi. M'kabati yotseka, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, malire amenewo ali pafupi kwambiri. Ma power supply awiri akagawana katundu, iliyonse imatentha pang'ono. Imodzi ikasenza zonse imatentha kwambiri, ndipo kutentha ndiko kumafupikitsa moyo wa timakapasita ta m'kati mwake. Choncho amene wasiya power supply imodzi itadzazidwa mpaka pakamwa m'mwezi wa Okutobala akuifulumizitsa kufa, pa nthawi imene ilibe mnzake. Siyani mpata. Ine ndimakonda kuti katundu asapitirire magawo anayi mwa asanu a bajeti yotsalayo.

Nthambo nazo zimamva kutentha. Lamulo limati poti ikatulutsa mawati 15.4, chida chimatsimikiziridwa 12.95, ndipo ikatulutsa 30, chida chimatsimikiziridwa 25.5. Osowawo amathera m'nthambo pa mtunda wa mamita 100, umene ndiwo malire ake. Mkuwa ukatentha umakaniza magetsi kwambiri, ndipo nthambo zathu zimadutsa pansi pa malata penipeni. Choipa kuposa apa ndi nthambo zotchipa zolembedwa CCA, zimene m'kati mwake ndi aluminiyamu wokutidwa mkuwa pamwamba chabe. Zimataya mphamvu yambiri ndipo zimatentha. Dziko lathu limakumba mkuwa ku Copperbelt ndi ku North-Western, ndiye pogula nthambo za PoE tiyeni tiumirire za mkuwa weniweni. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni. Kakaoneka koyera m'kati, bwezani katoniyo.

Ena mwa inu mukuti, "Ife swichi yathu ndi yaing'ono, ya TP-Link kapena MikroTik, ili ndi adaputala imodzi, nkhaniyi sikutikhudza." Ikukukhudzani. Swichi ya mapoti 8 ikhoza kulembedwa kuti poti iliyonse imatha mawati 30, pomwe bajeti yake yonse ndi 120. Mapoti 8 kuchulukitsa ndi 30 ndi 240, choncho ndi anayi okha amene angadye mokwanira. Ndipo adaputala ikapsa n'kuikapo ina ya mavoliti ofanana koma ma amp ochepa, mwachita zofanana ndi wozula power supply, kungoti swichi yaing'onoyo siidziwa n'komwe kuti mphamvu yachepa. Imangozima n'kuyakanso katundu akakula. Samalaninso ndi zida zina za MikroTik ndi Ubiquiti zimene zimagwiritsa ntchito PoE ya mavoliti 24 yosafunsa. PoE ya lamulo la IEEE imayamba yafufuza ngati chida cha kumapeto chikufuna magetsi, kenako n'kutumiza mavoliti a pakati pa 44 ndi 57. Yosafunsayo imangotumiza, ndipo ikhoza kuwononga chida chosayenera.

Kwa amene muli ndi maswichi olumikizidwa mwa StackPower, kumene maswichi okwana mpaka anayi amasonkha mphamvu zawo m'thumba limodzi, dziwani kuti kuzula power supply pa swichi yapamwamba kungazimitse mapoti a swichi yapansi. Werengerani gulu lonse. Onaninso ngati gululo linaikidwa kuti lizigwiritsa ntchito mphamvu yonse, kapena kuti lizisunga padera mphamvu ya power supply yaikulu kwambiri.

Tsiku lozula likafika, chitani motere. Yambani mwalemba papepala bajeti imene ilipo, mawati osungidwa, ndi bajeti imene itsale. Ngati sizikukwana, zimitsani nokha mapoti amene munagwirizana kuti asiyidwe, musadikire kuti swichi isankhe. Sungani zimene mwasintha, kuti magetsi akadzapita swichi isadzadzuke itaiwala. Auzeni eni malo nthawi yake, ndipo musasankhe nthawi imene alembi akulowetsa odwala mu SmartCare kapena madzulo a Lachisanu pamene inu mukunyamuka kupita ku Chipata. Tsimikizani kuti imene ikutsalayo ndi yamoyo ndipo ndiyo yolumikizidwa ku mabatire. Tsatirani nthambo yake ndi dzanja mpaka ku soketi, chifukwa kumbuyo kwa kabati nthambo zakuda zimafanana. Zimitsani imene mukuchotsayo, zulani nthambo yake, kenako muikoke. Pamalo pamene yachokapo tsekanipo ndi chitsekerero chake chachitsulo. Bowo limenelo likasiyidwa, mpweya wozizira umasochera osadutsa mmene uyenera kudutsa, fumbi la chilimwe limalowa, ndipo nalimata ndi mavu amapeza nyumba. Power supply yakufa musaitsegule kuti muone m'kati. Timakapasita take timasunga mavoliti ofika pafupifupi 400 ngakhale itazulidwa ku magetsi, ndipo amenewo amapha munthu.

Mukatha musathamangire njinga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'anani mndandanda wa mapoti, muone ngati pali ina imene yakanizidwa magetsi. Yendani mukanyamule foni iliyonse yofunika. Ngati n'kotheka dikirani mdima ugwe, makamera ayatse timagetsi tawo, muonenso manambala. Ndipo yesani chinthu chimodzi chimene ambiri amachiopa: zimitsani swichi yonse n'kuiyatsanso, eni malo akudziwa. Swichi ikamadzuka imagawa mphamvu mwatsopano, ndipo zida zimene zinali zoyaka musanazimitse sizikhala nthawi zonse zomwezo zimene zimalandira poyamba. Ndi bwino muzione zimenezi muli pomwepo kusiyana n'kuzimva pa foni pakati pa usiku, m'nyengo imene Lupande wadzaza ndipo njira zina sizikupitika.

Power supply yobwerekedwa ilembedwe: yachoka kuti, yapita kuti, tsiku liti, ndipo ibwerera liti. Zobwereka zosalembedwa sizibwerera. Mmisiri amasamutsidwa, wina amabwera, amapeza bowo lotsekedwa kumbuyo kwa swichi n'kuganiza kuti inagulidwa choncho. Iye amawonjezera makamera ena awiri, osadziwa kuti bajeti inatha kale.

Kwa inu akuluakulu amene mumasunga ndalama za masukulu, zipatala ndi makampani, pempho langa ndi lakuti pogula swichi muzifunsa wogulitsa funso limodzi, ndipo ayankhe molemba: power supply imodzi ikafa, patsala mawati angati a PoE? Ngati nambalayo ili yochepa kuposa katundu wanu, gulani ma power supply okulirapo, monga a 1,100 m'malo mwa a 715, kapena gawani zida pa maswichi awiri. Maofesi oyandikana amene ali ndi maswichi a mtundu umodzi akhoza kusonkherana n'kugula power supply imodzi yosungira pashelefu, kuti mphezi ikagunda pasakhale kuvula swichi ina. Ndipo nthambo yopita ku nyumba ina kapena ku geti ikhale ya fibre ngati ndalama ilola, popeza galasi silinyamula mphezi kuilowetsa m'kabati.

Kwa inu anzanga amisiri, musadikire kuti chinthu chipse. Mvula isanagwe, aliyense apite pa swichi imene amayang'anira. Lembani manambala atatu papepala: bajeti ya ma power supply onse, bajeti ya imodzi yokha, ndi mawati osungidwa lero. Pansi pake lembani mapoti amene sayenera kuzima ndi dzina la udindo wa amene anavomereza. Matani pepalalo m'kati mwa chitseko cha kabati, ndipo mukawonjezera chida chilichonse, sinthani manambalawo tsiku lomwelo.